Makutu Obwereka a Apongozi

Galimoto ija idayamba kulira isanathe ndi mwezi womwe pakhomo. Idali yoti eni ake oyamba adaidyerera kale, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, ndipo mphunzitsi wa kwaya adaigula kuti matope a dzinja asamamuchedwetsenso kokaphunzitsa nyimbo. Ikamayenda pang'onopang'ono inkakhala chete ngati mlendo. Koma ikangotenga liwiro pamsewu wa phula, penapake pansi pake pankatuluka kamawu kopyapyala, wiiiii, ngati udzudzu umene walowa m'neti.

Wina akadangokweza wailesi n'kuiwalako. Mphunzitsi sakadatha, pakuti makutu ndiwo adali munda wake. Munthu amene ankaimitsa kwaya yonse n'kuloza mayi mmodzi wa mzere wakumbuyo kuti, "Inu mayi a alito, mwatsika," sakadapirira galimoto yoimba kunja kwa kiyi.

"Ikulira pakati pa fa ndi so," adadandaulira mkazi wake Loweruka lina m'mawa. "Si fa, si so. Yangoima pakati, pamalo popanda nyimbo."

Mkazi wakeyo, amene adali nesi, adaika kapu pansi mofatsa.

"Zakhala bwino. Tipite nayo kwa ababa. Inenso ndikwera."

Apongozi a mphunzitsiwo adali makanika wakalekale, wodziwika ndi dzina loti a Sipanala, ndipo masiku amenewo mwana wawo wamkaziyu adali atayamba kuwakayikira makutu. Foni inkalira m'thumba la ovolosi mpaka kutopa yokha. Tsiku lina lole idabwerera m'mbuyo m'galaja ikulira pi-pi-pi, iwo ali chiweramire, ndipo adachita kukokedwa malaya ndi kasitomala. Ukawafunsa, ankati amamva zonse, kungoti zambiri zimene anthu amalankhula n'zosayenera kuyankha.

"Tagwirizana ndi achimwene," nesi adapitiriza. "Ababa akalephera kupeza chimene chikulirachi, galaja titseka. Sindingamadikire kuti tsiku lina adzabwere nawo kuntchito kwanga pa machira. Adzakhala nafe konkuno."

"Konkuno? Chipinda chake chiti?"

"Kodi kiyibodi yanuyo imalipira lendi?"

Mphunzitsi adayang'ana chitseko cha kachipinda kake. M'menemo mudali kiyibodi, mabuku a nyimbo, ndi mpando wa pazenera pamene ankakhala madzulo popanda womuitana. Adakumbukiranso nthawi imene a Sipanala adagonako kunyumbako denga lawo likukonzedwa. Adatsukira zitsulo za injini m'beseni la mbale ndi palafini, ndipo tsiku lotsatira adamasula kiyibodi yonse kuti aone chimene chimalira m'katimo. Poibwezeretsa padatsala tizitsulo tiwiri, iwo n'kunena kuti akufakitale adaikamo tochuluka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphunzitsi adatenga makiyi atatsimikiza mumtima kuti kaya zivute zitani, apongozi ake apeza vuto la galimotoyo lero lomwe.

Galaja ya a Sipanala idali shedi ya malata kuseri kwa sitolo ya penti. Pansi padali pakuda ndi oyilo wa zaka zambiri, ndipo pakhoma padapachikidwa masipanala motsatana misinkhu ngati ana a sukulu pa mzere. Mwini wake adatuluka pansi pa galimoto ina yopanda injini, akupukuta manja ndi chinsanza chimene chidali chakuda kuposa manjawo.

"Aphunzitsi! Mwabwera ndi apolisi lero?" adatero akuloza mwana wawo ndi chibwano.

"Ndangobwera kudzakuonani, ababa," nesi adayankha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" adatero mphunzitsi. "Galimotoyi ikulira."

"Galimoto iliyonse imalira. Yosalira ndi yakufa. Ikulira bwanji?"

"Mumva nokha pamsewu," nesi adalowererapo msanga. "Inu musawauze kanthu."

Adanyamuka, mphunzitsi pa chiwongolero, a Sipanala pambali pake, nesi kumbuyo atapinda manja ngati woyang'anira mayeso. Atadutsa pamphambano n'kulowa msewu waukulu, udzudzu uja udayamba. Kwa mphunzitsi udali ngati singano yolowa m'khutu. Adayang'ana apongozi ake chakumbali. Nkhalamba idali phee, ikuonerera mbuzi za m'mbali mwa msewu.

"Ababa, mukumva?"

Sadayankhe. Nesi adawagwira phewa, iwo n'kutembenuka kuyang'ana milomo yake.

"Ndati mukumva?"

"Ndimva bwanji iwe ukulongolola? Khala chete, ndikumvetsera."

Nthawi yomweyo lole ya miyala idawapitirira ikugunda ngati bingu, ndipo a Sipanala adapukusa mutu. "Mvereni uyo, injini yake yatha." Apo mphunzitsi adazindikira chimene chidalipo. Mawu aakulu apansi apongozi ankawamva bwinobwino. Opyapyala okha ndiwo ankawadutsa ngati mphepo. Tsono kwa mphunzitsi wa kwaya imeneyo si nkhani yovuta. Nyimbo ikawakwerera a sopulano, umaitsitsira kwa a besi.

Adatseka milomo, natenga kamawu ka galimoto kaja, nakatsitsira pansi penipeni pa chifuwa. "Mmmmmm."

"Chimenecho n'chiyani?" nesi adafunsa.

"Ndikuyeserera besi ya mawa," adayankha mwachangu, nabwerera. "Mmmmmm."

A Sipanala adatembenuka pang'onopang'ono. Adayang'ana mkamwini wawo, nayang'ana nsonga ya liwiro, nayang'ananso mkamwini. Kenaka adakhala tsonga, nkhope itasintha ngati ya munthu amene wapeza magalasi ake.

"Eya, ndayamba kukamva," adatero mokweza. "Kamawu kachipongwe. Aphunzitsi, pondani moto."

Mphunzitsi adaponda, galimoto idathamanga, kamawu kadakwera, besi nayo idakwera.

"Chikutsata liwiro. Tsopano chotsani giya, muilize injini payokha."

Injini idabangula, koma kamawu sikadaitsate, choncho besi idakhala pomwe idali.

"Injini ilibe mlandu. Bwezerani giya. Pamsewu palibe munthu, igwedezeni, kumanzere, kumanja. Belingi, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, ikatha, imadandaula ukaitsamira."

Galimoto idayenda mokhotakhota ngati woledzera, nesi akugwira chitseko, besi osasintha. Koma mpweya wa munthu uli ndi malire. Mphunzitsi adadukiza kuti apume.

"Chasiya!" adafuula a Sipanala. "Pokhotera kumanja chasiya!"

"Sichinasiye, ababa," nesi adatero.

Mphunzitsi adameza mpweya ngati womira nayambiranso msangamsanga.

"Ndimakuyesa iwe ngati uli tcheru," nkhalamba idatero osatembenuka. "Aphunzitsi, tsopano chotsani phazi pa moto, izipita yokha."

Apa ndi pamene zinthu zidalakwika. Phazi litangochoka, kamawu kaja kadagwa, kadasasa, kadayamba kunjenjemera ngati tambala wa chimfine. Kadali konyansa kwabasi. Pakhosi pa mphunzitsi, pamene padazolowera kuwongola anthu otsika kwa zaka zonsezi, padakana kutulutsa chinthu chotero. Mosaganiza n'komwe, adakakweza pang'ono, nakasalaza, nakaika pa fa weniweni, woyera bwino ngati wa m'buku.

A Sipanala adamvetsera besi yosalalayo nagwedeza mutu mokhutira.

"Ukaponda moto n'chimodzimodzi, ukachotsa phazi n'chimodzimodzi. Ndiye kuti si magiya. Ndi matayala awa. Tiyeni tibwerere."

Ku galaja adalamula kuti matayala onse anayi achotsedwe, aikepo a galimoto yopanda injini ija kuti ayesere. "Onse anayi," adatero, "galimoto zokoka konsekonsezi sizifuna matayala osiyana msinkhu, zili ngati mitala, ukakondera mmodzi nyumba yonse imayaka." Wopopa jeke ndi womasula manati adali mphunzitsi. Pomaliza, malaya ake oyera adali ngati chinsanza cha apongozi.

Adabwereranso pamsewu. Sadafike n'kutali komwe. Wiiiii.

Mphunzitsi adalimbana ndi mtima wake, koma kubisa kukadathandiza chiyani nesi ali ndi makutu ake awiri? Adatulutsa besi yofooka, ndipo mapewa a a Sipanala adagwa.

Atafika ku galaja nesi sadanene zambiri. Adatulutsa foni m'chikwama. "Ndikukagula zakumwa kusitoloko. Ndiimbiranso achimwene." Adawoloka msewu, amuna awiriwo n'kutsala akuyang'ana galimoto ngati anamfedwa.

"Aphunzitsi," a Sipanala adayamba, "lankhulani ndi mawu aakulu aja, ndimve. Kodi mumaimba zimene galimoto ikuimba, kapena zimene inu mukufuna kuti iziimba?"

Mphunzitsi adakanda m'mutu. "Pena ndimakonza pang'ono, bambo."

"Mumakonza?"

"Ndikachotsa phazi imatsika moipa. Imasasa. Si mawu oti munthu wophunzira nyimbo angatulutse pakamwa pake."

A Sipanala adakhala pa chitini cha oyilo, nagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Kalanga ine! Wodwala akubuula, inu mukumuphunzitsa kubuula mokoma! Kusasako ndiye matendawo, bambo inu. Tavutika ndi matayala anayi chifukwa cha ukhondo wa makutu anu?"

"Pepani, bambo."

"Pepani sakonza galimoto. Ndikudziwa chimene mwana uja wabwerera. Mukuganiza kuti ine ndikufuna kudzakhala kwanu? Kuti ndizidzutsidwa ndi do-re-mi? Kuti ndizivula nsapato pakhomo ngati ndalowa m'chipatala? Kuno ndimadzuka ndikudziwa chochita. Kwanuko ndidzangokhala pakhonde kuwerenga magalimoto a eni ake mpaka kufa."

Adanena mawu otsirizawa motsitsa, akuyang'ana masipanala a pakhoma. Mphunzitsi, amene m'mawa wonse ankangoganiza za mpando wake wa pazenera, adachita manyazi pang'ono.

"Ndiye titani, bambo?"

"Muimbe zoipa. Monga mwamveramo. Ikalira ngati mbuzi, lirani ngati mbuzi. Ndipo ndifuna kudziwa kumene chikuchokera, kutsogolo, pakati kapena kumbuyo. Pamene chikumveka kwambiri, inunso kwezani."

Nesi atabwera ndi mabotolo, adapeza mipando yakumbuyo itapindidwa.

"Uyendetse ndiwe," atate ake adamuuza. "Galimotoyi ikufuna katundu kumbuyo kuti ilankhule zoona. Thumba la simenti ndilibe, ndiye tigwiritsa ntchito amuna akowa."

Nesi adayang'ana atate ake, nayang'ana mwamuna wake amene adali atakwera kale kumbuyo chogwada. Kenaka adalandira makiyi.

Ulendo umenewu mphunzitsi sadzauiwala. Adayamba ndi kulowetsa mutu pakati pa mipando yakutsogolo, khutu pansi, besi yapansipansi. Adakwawa chobwerera m'mbuyo, khutu likukhula kapeti, besi ikukulirakulira. Atafika pamwamba pa matayala akumbuyo, kamawu kaja kadali kakuboola chitsulo kulowa m'chigaza mwake, ndipo iye adabangula ngati ng'ombe.

"Kumbuyo!" adakuwa a Sipanala. "Iwe, chotsa phazi!"

Nesi adachotsa phazi. Kamawu kadagwa n'kusasa. Mphunzitsi adatsinzina, napempha chikhululukiro kwa onse amene adamuphunzitsa nyimbo, natulutsa chinthu chimene sichidamvekepo pakamwa pake chibadwire. "Mmmm-rrrr-ooo-rrrr!"

"Ponda!"

"Mmmmmm!"

"Chotsa!"

"Rrrr-ooo-rrrr!"

Pamenepo n'kuti akuyandikira chitunda cha pamsewu, ndipo minibasi ina idafika pambali pawo ikuyenda liwiro limodzi. Mawindo onse adali otsekula chifukwa cha kutentha. Mphunzitsi atadzutsa mutu kuti apume, adaphana maso ndi mayi wa alito uja wa mzere wakumbuyo, dengu lili pamiyendo. Mayiyo adamuyang'ana mphunzitsi wake ali chogwada, malaya akuda bii, kukamwa kuli yasa. Nkhope yake idawala ngati walandira mphatso.

"Aphunzitsi!" adakuwa. "Mwatsika!"

Minibasi yonse idaphulika ndi phwete. Mphunzitsi adabwezera mutu pansi, ndipo sadaudzutsenso mpaka ku galaja.

A Sipanala adatsika ngati mnyamata. "Ndi difu yakumbuyo," adatero. "Kabokosi ka magiya kamene kamagawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo. Ukaponda moto magiya amakankhana mbali ina, ukachotsa phazi amakankhana mbali inzake, n'chifukwa chake mawu akusintha. Koma sindimasula chinthu ndisanachigwire. Tiikweze."

Mphunzitsi adakankhira jeke kumbuyo.

"Konse, aphunzitsi, konse! Galimoto wamba mumakweza kumbuyo kokha. Iyi mukatero n'kuika giya, matayala akutsogolo aikoka, ikalowa m'sitolo ya penti ine ndili pansi pake."

Adaikweza mbali zonse naikhazika pa zitsulo zinayi zochirikiza. A Sipanala adaigwedeza ndi phewa kuti aone ngati yakhazikika, kenaka adauza nesi kuti akwere, aike giya, aponde moto pang'ono. Matayala onse adayamba kuzungulira m'malere. Nkhalamba idatenga sikuludiraiva yaitali ngati mkono, nilowa pansi chagada. Mphunzitsi adagwada pambali kuti aone. Adaona apongozi ake akugunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa giyabokosi, chigwiriro chake atachikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu. Adapukusa mutu. Adasunthira pa shafuti ya pakati, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumbuyo, napukusanso mutu. Atafika pa difu, pamene shafuti imalowera, adangoti zii. Kenaka adayamba kumwetulira, mano onse otsala ali pamtunda.

"Ndakupeza, mfiti iwe," adanong'ona. "Ukudutsa m'fupa tsopano. Zimitsa!"

Adamasula kanati ka pansi pa difu nakinga chitini. Oyilo amene adatuluka adali wochepa, wakuda, wonunkha ngati mazira owola. A Sipanala adaviika chala natuluka nacho padzuwa. Pachalapo pankanyezimira tizidutswa ta chitsulo ngati mchenga wa kumtsinje.

"Bwera uone, a nesi. Magazi a wodwala wako ndi awa. Belingi ya pakhomo pa difu yadyeka. Eni ake akale ankathira oyilo mu injini mokha, kuno adaiwalako. Tisintha belingi ndi silo yake yotchinga oyilo kuti asatayike, tithira oyilo watsopano. Magiya ndiwaona ndikatsekula, koma ndikuganiza kuti tawapeza akadali moyo."

Adapukuta chala pa ovolosi naimirira mowongoka, akudikira. Mphunzitsi naye adaimirira pambali pawo. Nesi adatsika m'galimoto, natsekula botolo limodzi, namwa pang'ono, akuwayang'ana onse awiri ngati ana amene aswa mbale n'kubisa zidutswa pansi pa mphasa.

"Amuna anga," adatero, "chikwatirane, ndi liti munaimbapo besi? Inu si tena?"

"Mawu amasintha ndi msinkhu," mphunzitsi adayankha motsitsa.

"Ndipo nyimbo ya mawayo ndi iti, imene ili ndi rrrr-ooo-rrrr? Ndifuna ndidzakhale kutsogolo."

Nesi adatembenukira kwa atate ake, nayandikira kuti aone milomo yake bwino.

"Ababa, simunamve kanthu. Kuyambira m'mawa."

A Sipanala adayang'ana pansi. "Kopyapyala sindimva," adavomera. "Koma ndapeza."

"Mwapeza," nesi adatero, mawu ake atafewa. Adayang'ana chitini cha oyilo, nayang'ana khoma la masipanala. "Achimwene ndawauza kuti adikire kaye. Mutu ulipo, manja alipo. Chasowa ndi makutu. Ndiye mverani. Lolemba ndikutengani mukapimidwe makutu, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kakapezeka mudzavala, osati kukasunga m'bokosi la manati. Chachiwiri, galimoto iliyonse yobwerera m'mbuyo muno, inu muzikhala mutaimirira panja."

"Chachitatu?" adafunsa a Sipanala, pakuti ankamudziwa mwana wawo.

"Chachitatu, kufikira kachipangizoko katapezeka, magalimoto onse olira muziwasungira Loweruka. Makutu ndikubwerekani awa." Adaloza mwamuna wake ndi botolo.

"Ine?" mphunzitsi adadzidzimuka. "Loweruka ndi tsiku langa lopuma!"

"Sankhani. Loweruka, kapena chipinda."

Mphunzitsi adayang'ana apongozi ake. Apongozi adayang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amayang'anira chitsulo chogula kwa ogwetsa magalimoto, chokayikitsa koma choti n'kugwirako ntchito. Adalowa m'shedi natuluka ndi ovolosi yakale, yong'ambika pabondo, naiponya paphewa la mphunzitsi.

"Muzifika m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Ndipo zokonza nyimbo muzisiya pageti."

"Chabwino, bambo."

"Loweruka likubwerali kuli lole ya mchenga. Mwini wake akuti ikakwera chitunda imalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo."

Mphunzitsi adafunyulula ovolosi ija naiyeza pathupi. Miyendo ya ovolosiyo idalekeza m'mawondo. Adapumira m'mwamba, nakonza pakhosi.

"Nkhumba yake yaikulu bwanji, bambo?" adafunsa. "Kuti ndikayambe kuyeserera."